KODI NZERUZAYEKHA TIMAMUDZIWA? Maganizo pa nthano ya mphunzitsi wa ku Chintheche

Pali mtundu wina wa munthu umene nthano zathu zambiri sizidziwa chochita nawo. Ndikunena munthu uja wachete, woganiza kwambiri, wokonda kukhala payekha, amene mukamufunsa funso amayamba wangoti duu, nkudzakuyankhani mawa lake, yankho lili lalitali kuposa m'mene mumafunira. Munthu wotere akangolowa m'nthano ya mlembi wa kuno kwathu, dziwani kuti njira zake zilipo zitatu basi: apezeka kuti ndi mfiti, kapena apenga ndi mabuku, kapena atsitsidwa kunyada kwake pamaso pa mudzi wonse kuti ife owerenga titolepo phunziro. Nthano imene tidawerenga pa msonkhano wathu wapitawu idamuyendetsa m'njira zonse zitatu, ndipo idaomberedwa m'manja. Nchifukwa chake ndatenga cholembera.

Kwa inu amene simudabwere, nkhani yake ndi iyi. Mphunzitsi wina wa masamu watumizidwa kukagwira ntchito pa sukulu ya m'mbali mwa nyanja kufupi ndi Chintheche. Ku bawo sapita, mowa samwa, ku malipenga amaimirira patali manja ali kumbuyo. Pa maliro amafika ndithu, chipepeso amapereka, koma m'macheza a usiku salowamo. Madzulo amakhala yekha pamchenga ndi kabuku, kulemba tsiku limene mwera wayamba, mbali imene nkhungu zatulukira, ndi kuchuluka kwa usipa umene wafika pagombe. Patapita zaka ziwiri iye auza a komiti ya sukulu kuti chipinda chimene akufuna kumanga pafupi ndi mtsinje chidzapita ndi madzi. Samumvera. Dzinja lotsatira chipinda chigwa, ndipo anthu ayamba kufunsana kuti nanga iyeyu adadziwa bwanji. Mwana wina agwidwa ndi ng'ona, mphekesera zimveka zoti ng'onayo ndi yoweta, mwini wake ndi yemwe uja amakhala pamchenga. Pomaliza mphunzitsi ayamba kulankhula yekha, alowa m'bwato mwera uli pakati, osabwereranso.

Ndiyambe ndi kunena kuti mlembi mnzathuyu nyanja amaidziwa. Fungo la chinangwa chonyika m'madzi, kondowole wa m'mawa, mathandala a usipa, amayi okangana mtengo pagombe dzuwa lisanatuluke, zonsezi zili m'malo mwake, ndipo Chichewa cha ampangankhani ake chili ndi kafungo ka Chitonga kopanda kukokomeza. Ambiri a ife tikalemba za nyanja timalemba ngati alendo a pa hotela. Iyeyu ayi.

Koma taonani chimene chachitika. M'masamba onse 11 sitilowa m'mutu mwa mphunzitsiyu ngakhale kamodzi. Wotifotokozera nkhani waima pakati pa anthu a m'mudzi ndipo mau awo wawatenga ngati ake. Amayi a kumadzi akanena kuti mphunzitsi ndi wonyada, palibe cholakwika, amenewo ndi maganizo awo. Koma pofika tsamba lachisanu wofotokoza nkhani mwini wake wayamba kumutchula kuti wonyada uja, popanda womutuma. Ndipo potseka nthano watipatsa mwambi wa Nzeruzayekha amene adaviika nsima m'madzi. Tsono ndifunse: nsima yake iti imene mphunzitsiyu adaviika? Za chipinda chija adanena zoona. Za ng'ona sadalakwe kanthu. Amene adaviika nsima m'madzi, pamodzi ndi simenti ndi malata omwe, ndi a komiti. Nthanoyi yatipatsa umboni wonse woti munthuyu ngosalakwa, kenaka nkumugamula kuti ngolakwa, ngati bwalo limene lidalemba chigamulo mlandu usanazengedwe.

Pokambirana tsiku lija mnzathu wina wa chaka chachiwiri adati vuto palibe, mphunzitsiyu ndi INTJ basi, ndipo ena adagwedeza mitu ngati kuti nkhani yathera pomwepo. Zilembo zinayizi zili ndi mbiri yake. M'chaka cha 1921 sing'anga wa za maganizo wa ku Switzerland, Carl Gustav Jung, adatulutsa buku lonena za mitundu ya anthu. Iye adati pali anthu amene mphamvu zawo zimathamangira kunja, kwa anzawo ndi ku zochitika, ndi ena amene zimabwerera m'kati, ku maganizo awo. Ndiponso kuti munthu amalidziwa dziko m'njira zinayi, poganiza, pomva mumtima, pogwira ndi kuona zimene zilipo, ndi ponunkhiza zimene sizidaonekebe. Amayi awiri a ku America, Katharine Briggs ndi mwana wake Isabel Briggs Myers, adatenga maganizowa nkuwasandutsa mafunso oyankha papepala, kuyambira m'zaka za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo mwa mafunsowo anthu onse adagawidwa m'makola 16. Khola la INTJ, ndi loyandikana nalo la INTP, ndi la anthu oyang'ana m'kati, onunkhiza, oweruza zinthu ndi mutu koposa ndi mtima. Masiku ano mafunso ofanana nawo ali pa foni iliyonse, ndipo ndamva kuti ena a inu mumayamba mwafunsana zilembo musanafunsane kwanu.

Ine makolawa sindiwakhulupirira kwenikweni. Akatswiri a za maganizo adaonetsa kale kuti munthu yemweyo akayankha mafunsowo kawiri, pakati patadutsa masabata owerengeka, kawirikawiri amatulukira m'khola lina. Ndiponso kuti anthu ochuluka sali kumapeto uku kapena uko, ali chapakati. Jung mwini wake adanena atakalamba kuti munthu woyang'ana m'kati kotheratu kapena kunja kotheratu kulibe, ndipo atati apezeke malo ake ndi ku chipatala cha amisala. Komanso kwa mlembi, kunena kuti mpangankhani wanga ndi INTJ sikusiyana kwambiri ndi kunena kuti ndi mfiti. Konse kuwiri wamupatsa dzina kuti usavutike nkumuyang'ana. Komabe munthu amene zilembozo zikuyesa kumuloza alipo, timadya naye m'kafiteriya momwemu, ndipo ena a iwo amatiphunzitsa.

Pali chinanso chimene ife a kuno tiyenera kukumbukira. M'chaka cha 1925 Jung adabwera ku Africa, nakakhala pa phiri la Elgon m'malire a Kenya ndi Uganda, ndipo zimene adalemba za anthu akuda zikuonetsa kuti ankawaona ngati anthu a chigulu, amene maganizo amangowagwera monga maloto, osati anthu okhala pansi nkulingalira chinthu paokha mpaka kuchitsiriza. Motero mlembi wa ku Malawi akalemba nthano yonena kuti munthu woganiza payekha ndi chilendo pakati pathu, choyenera kumizidwa m'nyanja, wavomerezana ndi Jung osadziwa. Chikhalirecho gombe lomwelo limene mnzathu waikapo nthano yake lili ndi yankho, lolembedwa patangopita zaka zisanu ndi zitatu chiyambire ulendo wa ku Elgon uja.

Ndikunena za Mbusa Yesaya Zerenji Mwasi. Amishoni a Livingstonia adasamukira ku Bandawe m'chaka cha 1881 malungo a ku Cape Maclear atawakanika, ndipo Atonga adailandira sukulu ndi manja awiri. A Mwasi adali mmodzi wa ana a sukulu zimenezo. Adaphunzira mpaka kutsiriza za ubusa, koma kudzozedwa kudachedwa zaka ndi zaka, poti amishoni ankati munthu wakuda ayambe wayesedwa. A Charles Domingo, amene adatsogola kutsiriza maphunzirowo, adatopa nako kudikira nachoka osadzozedwa. A Mwasi adadikira. Adadzozedwa mu 1914 pamodzi ndi a Hezekiah Tweya ndi a Jonathan Chirwa, abusa oyamba akuda a Livingstonia. Mu 1918 adakhala munthu wakuda woyamba kusankhidwa kukhala pampando wa Presbytery. Adatumikira mpingo wa ku Sanga, ndipo adali mmodzi wa akuluakulu a West Nyasa Native Association. Kwa zaka 19 chidzozedwere adakhala m'kati, akusemphana ndi amishoni, makamaka a A.G. MacAlpine a ku Bandawe, koma osachoka. Kenaka mu 1933 adalemba chikalata, natuluka, nayambitsa mpingo wa anthu akuda m'dziko la Atonga.

Chikalatacho a Kachere adachisindikiza mu 1999, ndipo amene mukufuna mukachipeza. Dzina lake lokha nlokwanira phunziro la ola lathunthu: My Essential and Paramount Reasons for Working Independently. Munthu amene wapsa mtima amalemba madandaulo. Uyu walemba zifukwa, ndipo wazipeta kale, kupatula zenizeni ndi zazikulu pa zongoonjezera. Sakunena kuti akuthawa kapena akugalukira. Akuti akukagwira ntchito payekha, ngati kuti ntchito ndi yomwe ija, chasintha ndi kapitao. Ndiponso zifukwazo akuzitcha zake. Sakubisala kumbuyo kwa mpingo wa ku Sanga kapena kwa mtundu wa Atonga monga amachitira atsogoleri ambiri akafuna kunena zakukhosi kwawo, aja amati anthu akuti.

Mfundo zazikulu za chikalatachi ndi zakuti Chikhristu chobwera, chikakhalabe m'manja mwa alendo, sichingazike mizu m'moyo wa eni dziko. Kuti mishoni ndi mpingo ndi zinthu ziwiri, mishoni ili ndi nthawi yake yotha pamene mpingo ndi wa anthu okhalapo. Ndi kuti nkusokera kuganiza kuti Mulungu ali pafupi ndi mlendo, chilankhulo chake ndi dziko lake, kuposa m'mene aliri ndi Mkhristu wa pamudzi. Lero mfundo zotere timazimva m'kalasi iliyonse ya zaumulungu ndipo sizitidzidzimutsa. Koma onani chaka. Mu 1933 CCAP idali ndi zaka zisanu ndi zinayi zokha chikhazikitsidwire mu 1924. Ufulu wa dziko udali kutsogolo ndi zaka 31. Zimene a Mwasi ankanenazo, zoti ntchito za mishoni ziperekedwe m'manja mwa mpingo wa eni dziko, zidadzachitikadi kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1960, ndipo adazichita ndi mpingo womwe uja iwo adatulukamo.

Ukamawerenga chikalatachi umamva kuti mwini wake mapeto adawaona kalekale, ndipo zifukwa akuzimanga pambuyo, ngati munthu amene waona tsidya la mtsinje nayamba kufunafuna miyala yopondapo kuti anzake nawonso awoloke. Apa mpamene pagona chachilendo cha anthu a mtundu uwu. Ife ambiri timayenda phazi ndi phazi mpaka kukafika. Iwo amayamba afika, kenaka nkubwerera kudzafuna njira. Nchifukwa chake akamalankhula pa msonkhano amaoneka ngati adumpha zinthu, kapena ngati pali wina wawanong'oneza. Asodzi a chilimila ali naye munthu wotere, amamutcha siginala. Iye amakhala m'bwato lake ndi nyali, chapatali pang'ono ndi anzake, kuyang'ana madzi amene kwa ife ndi mdima wokhawokha, kenaka nkungoti ponyani apa. Mukamufunsa kuti wadziwa bwanji mau amamuthawa. Komatu si matsenga: ndi zaka zambiri za kuona madzi, mwezi ndi mphepo, zimene zaunjikana mpaka kusanduka chinthu chimodzi chimene iye sangathenso kuchiphwasula. Mwayi wa siginala ngwakuti akalondola, usipa umaoneka usiku womwewo, ndipo m'mawa aliyense amamupatsa moni. Mphunzitsi wa m'nthano ija adayenera kudikira dzinja. A Mwasi adayenera kudikira zaka zoposa makumi awiri.

Chinanso chimene chimasokoneza anthu ndi kachokedwe kawo. Munthu wotere sachoka tsiku limene mwamukwiyitsa. Mukhoza kumuchedwetsa, kumudutsitsa, kumudzudzula pagulu, iye mawa abwera pa ntchito nthawi yake, ndipo inu mudzaganiza kuti ngofatsa kapena ngwamantha. Amachoka tsiku limene masamu ake akwana, ndipo tsikulo likafika kupepesa sikuthandiza, chifukwa chimene chamuchotsa si mkwiyo woti nkuuziziritsa. Kwa oonera kunja zimakhala ngati mphezi ya m'chilimwe. Koma chikalata ngati cha 1933 sichilembedwa usiku umodzi, ndipo ine ndimachiwerenga ngati ntchito ya zaka 19 zija, pamodzi ndi zaka za kudikira kudzozedwa zimene zidatsogola.

Nanga za kunyada? Mau amenewa amatsata anthu otere kulikonse, ndipo chifukwa chake nchosavuta kuchiona. Udindo paokha suwaopsa. Mfundo ikakhala yopindika amaiona yopindika, kaya wanena ndi mwana wa sukulu kaya ndi Dokotala wa ku Khondowe. Kwathu kuno timati mau a akulu akoma akagonera, ndipo mwambiwo ngwabwino. Koma munthu amene tikunenayu amafunsa kuti mau ake ati, pakuti ena akagonera amasasa. Kuwongola mkulu ndi zifukwa, ngakhale utatsitsa mau chotani, kumamveka mwano kuposa kumutukwana utaledzera, chifukwa woledzera amadzapepesa m'mawa pamene wazifukwa m'mawa amabwera ndi chifukwa china.

Kuti tiwaone bwino a Mwasi tiwaimike pafupi ndi anzawo a gombe lomwelo. A Elliot Kamwana adabwerako ku South Africa mu 1908 ndi uthenga wa Watch Tower, ndipo m'miyezi yowerengeka adabatiza anthu pafupifupi 10,000, mpaka boma la atsamunda lidawachotsa m'dziko mu 1909. Kwawo adabwererako mu 1937. A Clements Kadalie, obadwira ku Chifira mu 1896, adayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo pofika 1927 mamembala ake ankawerengedwa kuti afika 100,000. Werengani buku la moyo wawo, limene lidatuluka mu 1970 eni ake atamwalira kale mu 1951: monse muli misonkhano, masitima, makamu ndi m'manja. A Kadalie amadziona okha kudzera m'maso a khamu. Anthu ngati awiriwa ndiwo alembi timawakonda, chifukwa wolankhula ngosavuta kumulemba: umangomutsegulira pakamwa nkumusiya, nthano iyenda yokha. A Mwasi nawonso adali mlaliki ndi munthu wa m'mabwalo, sindikunena kuti adali bubu ayi. Koma munthu amene tikumana naye papepala ndi wa mtundu wina, amene khamu silimuonjezera mphamvu, amene chimene akufuna kwa iwe si m'manja koma kuti umutsutse mfundo ndi mfundo ngati ungathe.

Tsono ndisawasandutse anthu a m'mudzi zitsiru, pakuti ali ndi zifukwa zawo. J. van Velsen, amene adakhala pakati pa Atonga a m'mbali mwa nyanja m'zaka za m'ma 1950 nalemba buku la The Politics of Kinship la mu 1964, adaonetsa kuti kumeneko kudalibe mfumu imodzi yamphamvu yogwira onse, ndipo kukwera kapena kutsika kwa munthu kunkadalira m'mene akuyendetsera ubale wake: kwa amayi, kwa abambo, kuukwati, pa milandu ndi pa maliro. Pamalo potere pakamwa ndi chuma, ndipo kucheza ndi ngongole imene munthu aliyense amabweza. Amene wakhala chete pa maliro usiku wonse, ngakhale atapereka chipepeso chochuluka, sadabweze ngongoleyo. Anthu sadziwa kuti ali mbali iti, ndipo munthu wosadziwika mbali amaopsa kuposa mdani. Pamene makolo adati kali kokha nkanyama sankanyoza chabe. Ankanena za chitetezo, chake ndi chawo. Nthano ya mnzathu ikadationetsa mantha amenewa kuchokera m'kati ikadakhala yachilungamo kwa mudzi, monga ikadakhala yachilungamo kwa mphunzitsi ikadatilowetsa m'mutu mwake. M'malo mwake mudzi ukungonong'ona, mphunzitsi akungokhala pamchenga, ndipo mlembi akudikira mwera.

Wina anena kuti ndi nthano chabe, ndikulimbikiranji. Lamulo la za ufiti la 1911 lidaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma kuloza chala sikudathe, ndipo mu 2016 ku Neno anthu anayi okalamba adaphedwa tsiku limodzi pa mlandu woterewu. Amene amalozedwa kawirikawiri ndi aja opanda owaimira: okalamba, amasiye, ndi anthu okhala okha amene sachezeka. Nthano imene ikutsata mphekesera kuyambira kumadzi mpaka ku imfa ya munthu, kenaka nkutseka ndi mwambi womudzudzula womwalirayo, yaikapo mwala wake pa muluwo, ngakhale mwini wake sadafune kutero.

Komabe mwambi wa Nzeruzayekha suli wabodza, ndipo a Mwasi omwe akutionetsa pamene uli woona. Chikalata chonena kuti Mulungu sali pafupi ndi chilankhulo cha mlendo kuposa cha Mtonga chidalembedwa m'Chingerezi, ndipo Chingerezi chake ncholemera, cha m'mabuku a zaumulungu. Ankalembera yani? Ankalembera anthu amene ankawasiya. Ichi ndiye chilema cha anthu a mtundu uwu monga ndimawaonera: amafunitsitsa kupambana mkangano ndi munthu amene amamulemekeza nzeru, mpaka kuiwala anthu amene akufuna kuwatsogolera. Amaganiza kuti mfundo ikakhala yolondola iyenda ndi miyendo yake. Mpingo wawo sudakule kufika pa umene adausiya, ngakhale mu 1935 adaphatikana ndi a Charles Chinula ndi a Yaphet Mkandawire kupanga Mpingo wa Afipa wa Africa. Mu 1934 adali pakati pa oyambitsa bungwe lofuna kuti anthu akuda akhale ndi maphunziro apamwamba m'manja mwawo. Adaonanso patali, koma Yunivesite ya Malawi idatsegula zitseko mu 1965, ndipo adaimanga ndi ena. Ndipo taonani ichi: chaka chomwecho cha 1933 a Samuel Josia Ntara adatulutsa Nthondo, nkhani ya munthu mmodzi yolembedwa m'chilankhulo chathu, imene idapata mphotho nkuwerengedwa m'sukulu zaka zambirimbiri. Chikalata cha a Mwasi, chimene m'maganizo chidali patsogolo kwambiri, chidakhala chodziwika kwa akatswiri a mbiri owerengeka okha mpaka m'zaka za m'ma 1990. Ife alembi a nthano tili ndi njira yofikira anthu imene munthu wazifukwa alibe, ndipo nchifukwa chake zimandipweteka tikamaigwiritsa ntchito pomumiza.

Pali chinthu china m'chikalatachi chimene ndikufuna mnzathu achione, pakuti ndi yankho kwa aja amati munthu wachete salembeka poti alibe mtima. Pansi pa zifukwa zonsezo pali bala, ndipo ukawerenga mofatsa umalimva likugunda: munthu amene adadikira zaka kuti adzozedwe, amene adakhalapo pampando koma nkumayesedwabe ngati mwana wa sukulu. Koma balalo silituluka ngati misozi. Munthu wotere akapwetekedwa salira, amaonjezera mfundo ina. Akakukonda sakuuza, amakukonzera wailesi imene sudamupemphe, kapena kukuchenjeza za chipinda chimene chidzagwe. Mphunzitsi uja pochenjeza a komiti ankapereka mphatso yokhayo imene ankadziwa kupereka, ndipo nthano sidazindikire kuti ndi mphatso.

Msonkhano wa komiti umenewo mlembi waudutsa m'mizere iwiri, chikhalirecho mpamene pali nthano yonse. Ndikadakonda kuuona wathunthu. Ndikadakonda kumuona mphunzitsi akuimirira nyakwawa isanatsirize kulankhula, osayamba ndi kuthokoza akuluakulu, osapempha kuti amukhululukire poti ndi mwana ndiponso mlendo, nkungoyamba kuwerenga manambala a m'kabuku kake, akunena zoona m'njira yoipitsitsa imene zoona zinganenedwere. Ndikadakonda kuona nkhope ya mkulu amene adapereka malowo, amene mwina ndi malo okhawo adali nawo oti nkupereka. Pamenepo owerenga tikadamva chisoni mbali zonse ziwiri, ndipo kulakwa kwa mphunzitsi, pakuti kulipo, kukadaoneka pamalo pake penipeni: sadadziwe kuti mfundo imafunika kuiperekeza, kuti ukafuna kusuntha chipinda umayamba wapita kunyumba kwa nyakwawa madzulo, nkukhala pamphasa, nkukamba za usipa kwa ola lathunthu.

Ndiye pali kabuku kaja. Mlembi wakatchula kasanu ndi kamodzi, osakatsegula ngakhale kamodzi. Munthu amene salankhula koma amalemba wakupatsa kale khomo lolowera m'mutu mwake. Tsamba limodzi lokha la kabukuko, la tsiku limene mwana adagwidwa ndi ng'ona, likadakwanira. Mwina likadangonena mbali ya mphepo ndi msinkhu wa madzi monga masiku onse, kenaka pansi pake dzina la mwanayo ndi malikisi ake a masamu, popanda mau ena.

Mmodzi wa aphunzitsi athu adaiteteza nthanoyi ponena kuti wofotokoza nkhani akulankhula mokuluwika, kuti mwambi wakumapeto uja ndi msampha wotchera owerenga, ndipo wanzeru aona yekha kuti mudzi ndiwo walakwa. Ndikadakondwa zikadakhala choncho, ndipo pa yunivesite pano, pamene m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 alembi adaphunzira kunena china akutanthauza china kuti agone kunyumba, kuwerenga kotere tidakuzolowera. Koma chining'a chimafuna kamng'alu kamene wowerenga angasuzumirepo, mau amodzi osakhala bwino, kapena mpangankhani mmodzi wokayika. Ndaiwerenga nthanoyi katatu kufunafuna kamng'aluko. Ngakhale mwana mmodzi wa m'kalasi la mphunzitsiyu sakuoneka akudabwa. Aphunzitsi athu aikamo nzeru zawo m'nthano imene mwini wake sadaziikemo.

Misala ya kumapeto ija nayonso sidagwiridwe ntchito. Tsamba lachisanu ndi chinayi mphunzitsi ali bwinobwino, lakhumi wayamba kulankhula yekha, ngati kuti kulankhula wekha ndi umboni wa misala. Theka la anthu a m'laibulale muno akadamangidwa kale. Ndipo munthu amene wakhala zaka ziwiri akulemba tsiku lililonse la mwera sangalowe m'bwato mwezi wa Julaye, nyanja itayera thovu, osadziwa chimene akuchita. Ngati adadziwa, ndiye kuti masamu ake adakwana monga adakwanira a munthu wa ku Sanga uja, ndipo nthano ya m'mene adakwanira sidalembedwebe. Ngati sadadziwe, amene adakankha bwato lija ndi mlembi.